Kabati ya Mabuku a Mudzi: Kusankha Thabwa, Kuliumika ndi Kulikhoma

 Nkhani yathu lero ndi ya matabwa. Tifuna kulongosola m'mene mungakhometsere kabati yaikulu yosungiramo mabuku, ya mtengo wa mawanga okongola, imene idzaima chilili kufikira masiku a adzukulu anu.

Wina adzati, "Kabati ya mabuku nja aphunzitsi. Ife olima fodya ndi chimanga itithandiza chiyani?" Taganizani bwino. M'nyumba ya nyakwawa masiku ano muli kaundula wa mudzi, buku la milandu ndi makalata a ku Boma. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo amene wapampando wake ndi gulupu, ndipo ntchito ya malo iyenda ndi mapepala. Kalabu ya alimi ili ndi mabuku ake, banki m'khonde ili ndi ake, sukulu ndi tchalitchi chimodzimodzi. Ambiri a mabuku amenewa agona m'katoni pansi pa bedi. Chiswe sichidziwa kuti pepala ili ndi la malire a munda, khoswenso sadziwa. Tsiku lina abale awiri adzakangana za dimba, nkhalamba zimene zinaona malire zitapita kale, ndipo inu a mfumu mudzatulutsa katoni yodzaza dothi. Chifukwa chake nkhani iyi njanu.

MAWANGA A THABWA ACHOKERA KUTI?

Ku America ndi ku Ulaya kuli mtengo wotchedwa maple, umene tsamba lake laikidwa pa mbendera ya dziko la Canada kuyambira 1965. Thabwa lake kawirikawiri ndi loyera chabe, koma mtengo umodzi mwa yambiri umatuluka ndi mizere yonga mafunde a panyanja, wina ndi timadontho tonga maso a mbalame. Amisiri a kumeneko amagula thabwa lotere pa mtengo wokwera, nakhoma nalo makabati a m'nyumba zowerengeramo. Antonio Stradivari, mmisiri wa ku Cremona m'dziko la Italy amene anamwalira mu 1737, ankasema nalo misana ya zoimbira zake za zingwe, ndipo zina zikali kulira kufikira lero.

Maple si mtengo wa nkhalango zathu, koma sitisowa kanthu. Tili ndi mlombwa, uja umakha utomoni wofiira ngati magazi mukautema. Mtima wake ndi wofiirira, wa mizere yagolide ndi yakuda. Tili ndi mbawa wa m'mbali mwa mitsinje, ndiponso msambamfumu wolemera uja.

Mawanga si utoto. Thabwa lili ndi mitsempha yoyenda kuchokera ku tsinde kunka ku nsonga. Mitsempha ikayenda choongoka, thabwa lioneka wamba. Ikayenda mokhotakhota, kuwala kwa dzuwa kugwa mosiyana pa mbali iliyonse, ndipo maso athu aona mafunde. Ndiye chifukwa chake mawanga abwino apezeka pa mphanda, pa tsinde pafupi ndi mizu, ndi pa mtengo umene unakula mopendekera pa chitunda. Mbawa uli ndi khalidwe lakelake: mitsempha yake ipota kumanja zaka zingapo, kenaka nipota kumanzere. Wocheka akalunjikitsa macheka kuchokera ku khungwa kuloza pakati pa mtengo, pa thabwa patuluka mizere yoyera ndi yodera motsatanatsatana ngati nsalu.

Koma dziwani ichi: chimene chikongoletsa thabwa ndi chomwecho chilivutitsa. Mitsempha yokhota ipindika msanga pouma, ndipo izuka popala. Thabwa la mawanga lifuna mmisiri wodekha.

YAMBANI NDI CHILOLEZO

Musanalankhule ndi wocheka, lankhulani ndi a zankhalango. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 nkukhwimitsa zilango, liletsa kudula mitengo m'nkhalango za Boma popanda chilolezo. Nkhalango ya Ntchisi yakhala yotetezedwa kuyambira 1924, ndipo ya Kongwe ndi ya mapiri a Dowa nzotetezedwanso. Mlombwa ndi mbawa ili m'gulu la mitengo imene Boma liiyang'anira ngakhale itamera pa malo a mudzi. Pitani ku ofesi ya zankhalango pa Boma la Dowa kapena la Ntchisi, mufotokoze mtengo umene muli nawo ndi ntchito yake.

Si Malawi yekha amene ali ndi nkhawa. Mu Novembala 2022 maiko a dziko lapansi anakumana ku Panama pa msonkhano wa pangano la CITES, nagwirizana kuti mitundu ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu ya mu Africa isatuluke m'dziko lililonse popanda makalata. Chifukwa chake nchodziwika. Akatswiri amene anawerenga mizere ya zaka m'zipika za mlombwa anapeza kuti umatenga zaka 80 kufikira 100 kuti ufike pochekedwa. Mlombwa umene mudula lero unamera agogo anu ali ana.

Tsono nzeru ndi iyi. Musakhome kabati yonse ndi thabwa la mawanga. Mashelefu ndi zipupa za m'kati, zimene mabuku adzabisa, zikhale za paini wa ku Chikangawa kapena ku Dedza, za malaina kapena za sindilera. Thabwa la mawanga likhale pa zitseko, pa mbali ziwiri za kunja, pamwamba ndi m'milomo ya mashelefu.  Musanyozenso mtengo wogwa ndi mphepo, mphanda zimene ocheka anataya, kapena chitseko chakale cha mlombwa cha nyumba yogumuka. Chitseko chotere chinauma kalekale, ndipo chikapalidwa chiwala ngati chatsopano.

Pogula matabwa, onani mbali yoyera ya kunja, ya pafupi ndi khungwa. Mtima wa mlombwa chiswe sichiufuna, koma mbali yoyerayo ifumbwa. Uzani mmisiri aichotse.

KUUMIKA MATABWA

Apa ndi pamene makabati ambiri afera. Inu olima fodya mudziwa kuti tsamba la m'chigafa limafewa m'mawa wa mame, nkuuma gwa masana. Thabwa lichita chimodzimodzi: limwa chinyontho m'dzinja nilifufuma, lichitaya m'chilimwe nilichepa. Silichepa m'litali, lichepa m'lifupi. Thabwa laliwisi la mainchesi 12 la mitengo yambiri lingathe kuchepa ndi theka la inchi pouma. Mlombwa uchepa pang'ono kuposa inzake, ndiye chifukwa chake amisiri aukonda, koma nawonso ufuna nthawi. Mukakhoma kabati ndi thabwa laliwisi mu Epulo, pofika Okutobala zitseko zidzakhala zitayasama, ndipo mphemvu zidzalowa ndi kutuluka monga kwao.

Umikani motere. Fodya akapita ku msika, chigafa chikhala chopanda ntchito. Amenewo ndiwo malo abwino, pakuti pali mthunzi ndi mphepo. Padzuwa thabwa liuma kunja m'kati mukali madzi, niling'aluka. Yalani njerwa ndi mitanda yoongoka kuti matabwa atalikire pansi ndi mainchesi 18. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo touma ta inchi imodzi, totalikirana mafiti awiri, ndipo kamtengo kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa kanzake ka pansi. Mukalakwitsa pamenepo thabwa liuma lili lokhota. Pakani penti kunsonga za matabwa, pakuti madzi athawira kumeneko msanga ndipo ming'alu iyambira komweko. Pamwamba sanjikanipo malata ndi miyala yolemera.

Thabwa la inchi imodzi likhale chomwecho chilimwe chonse, kuyambira Meyi kufikira Okutobala. La mainchesi awiri lifuna chaka kapena kupitirira. Kuti mudziwe ngati lauma, tengani thabwa limodzi la pakati pa mulu, muliyeze pa sikelo ya fodya masabata awiri aliwonse, nkulemba kulemera kwake. Likaleka kupepuka, lauma. Pambuyo pake lowetsani matabwa m'nyumba masabata awiri kapena atatu asanapalidwe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

MIYESO YA KABATI

Yambani kuyeza mabuku, khomo ndi chipupa, kenaka muyeze matabwa. Makabati ena akhomedwa bwino ku shopu nkukanika kulowa pa khomo la mwini wake.

Kabati yaikulu yabwino ndi ya mafiti 6 kutalika, mafiti pafupifupi 8 m'lifupi, ndi mainchesi 12 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Musaikhome yathunthu. Khomani mabokosi atatu oimirira, lililonse la mainchesi 30 m'kati, nkuwalumikiza ndi masikuluwu atafika kale m'nyumba. Bokosi limodzi anthu awiri anyamula, ndipo likwera pa ngolo popanda vuto. Bokosi lililonse likhale ndi zipinda 5. Cha pansi chikhale cha mainchesi 14, cha mafailo ndi mabuku akuluakulu, zam'mwamba zichepereko.

Nchifukwa ninji tinena mainchesi 30? Mabuku ngolemera kuposa m'mene aonekera. Shelefu ya mainchesi 30 yodzaza mabuku isenza pafupifupi theka la thumba la feteleza la makilogalamu 50. Kabati yonse ya mashelefu 15 isenza ngati matumba 7. Ndipo pali lamulo la chilengedwe limene mmisiri aliyense ayenera kulidziwa: mukatalikitsa shelefu kawiri nkuidzaza mabuku, sipindika kawiri chabe, ipindika ka 16. Mukaonjeza kunenepa kwa thabwa kawiri, lilimba ka 8. Kotero shelefu ikhale yaifupi, ndipo ikatha kupalidwa isachepere magawo atatu mwa magawo anayi a inchi, ndiko kuti pang'ono pansi pa inchi yathunthu. Kutsogolo kwa shelefu iliyonse matani kathabwa ka mlombwa ka inchi ndi theka, koimirira. Kameneko kabisa paini, nikalimbitsanso shelefu monga mtanda ulimbitsa denga.

KALUMIKIZIDWE

Misomali yokha sigwira katundu wotere. Pa chipupa cha kabati mmisiri aseme kangalande ndi tchizulo, kozama kota ya inchi, kolingana ndi kunenepa kwa shelefu. Shelefu ilowe m'menemo mothina, ndi guluu. Pamenepo kulemera kwa mabuku kutsamira pa thabwa, osati pa msomali. Polowetsa sikuluwu m'thabwa lolimba, yambani mwaboola kabowo, kuopa kuling'amba.

Kumbuyo tsekani ndi pulayiwudi. Ena asiya kumbuyo pululu kuti asunge ndalama, koma thabwa la kumbuyo ndilo liletsa kabati kupendama, ndipo litsekera makoswe njira. Musanalikhomere, tengani chingwe muyeze kuchokera pa ngodya ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenaka muyeze mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikalingana, bokosi laongoka. Ikasiyana, zitseko sizidzatsekeka bwino masiku onse.

Zitseko ndizo nkhope ya kabati. Pocheka chipika cha mawanga, lembani manambala pa matabwa monga atsatirana. Matabwa awiri oyandikana mukawatsegula ngati buku, mawanga a limodzi ayang'anana ndi a linzake monga mapiko a gulugufe. Ikani limodzi pa chitseko cha kumanzere, lina cha kumanja.

Chitseko chisakhale thabwa limodzi lalikulu, pakuti lidzapindika. Chikhale cha felemu ya matabwa anayi oongoka, olowetsana lilime m'bowo pa ngodya, ndipo thabwa la mawanga likhale pakati, m'kangalande kozungulira. Mverani bwino apa: thabwa la pakatilo lisamatidwe ndi guluu, lisakhomedwenso msomali. Lisiyireni kampata kuti lifufume m'dzinja ndi kuchepa m'chilimwe. Mukalimanga, lidzadzing'amba lokha. Zipinda za pansi zikhale ndi loko, za mabuku a malo ndi a ndalama. Zam'mwamba zingathe kukhala ndi galasi, kapena sefa ya waya yolowetsa mphepo.

KUPALA NDI KUPAKA

Popala thabwa la mawanga, mpeni wa puleni ukhale wakuthwa ngati lumo, ndipo udye pang'ono kwambiri, zopalidwa zituluke zopyapyala ngati khoko la anyezi. Mmisiri wothamanga azula mitsempha nasiya maenje pamalo pomwe pali mawanga okoma. Pamene puleni yakana, palani ndi kachitsulo kopyapyala kapena chibenthu cha galasi. Malizani ndi sandipepala, kuyamba wokhakhala kutsiriza wosalala, motsata mitsempha, osaidutsa chopingasa. Fumbi la mlombwa liyabwa m'mphuno ndi m'chifuwa kwa anthu ena, tsono mangani kansalu kukamwa.

Musapake utoto wakuda pa mlombwa. Kumeneko nkukwirira chimene munachivutikira. Pakani vanishi woyera mopyapyala katatu, nkumadikira kuti aume ndi kukwecha pang'ono musanabwereze. Pakani mbali zonse ziwiri za thabwa, kunja ndi m'kati. Mbali imodzi ikatsala, imwa chinyontho yokha, ndipo thabwa lipindika.

Chenjerani ndi vanishi pogula kabati yokhomakhoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsegulani zitseko, gwirani m'kati, yang'anani pansi ngati pali ufa wa zofumbwa, igwedezeni muone ngati ilimba.

POIKA KABATI

Kabati ikhale pa tsinde la thabwa lolimba la mainchesi 4, ndipo paini asakhudze pansi. Ngati nyumba njozira, yalani njerwa zootcha ndi simenti pamalo pamene idzaima. Siyani mpata wa chikhatho pakati pa kabati ndi chipupa, kuti mphepo idutse ndi kuti muziona njira za dothi za chiswe zikayamba. Kuno ku mapiri nkhungu ndi chinyontho zichuluka, tsono tsegulani zitseko tsiku la dzuwa mabuku apume. Onani denga pamwamba pake mvula isanayambe.

Chinthu china musaiwale: mangirirani mutu wa kabati ku chipupa ndi zitsulo ziwiri. Mwana aona mashelefu ngati makwerero. Kabati ya matumba 7 ikamugwera, palibe chipatala chimene chingathandize.

KUPANGANA NDI MMISIRI

Amisiri a matabwa sasowa m'dera lino. Luso limeneli linayamba kufala ndi mamishoni, ndipo mishoni ya Mvera, yoyamba ya mpingo wa Dutch Reformed m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1889 m'boma lomwe lino la Dowa. Masiku ano anyamata ndi atsikana aphunzira ukalipentala m'masukulu a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Pa Dzaleka, pamene kale panali ndende, panatsegulidwa msasa wa othawa nkhondo mu 1994. Malowo anakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma pofika 2023 analipo oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pao pali amisiri amene anabwera ndi luso la kwao, ndipo ana athu ena aphunzira pamodzi nawo. Posankha mmisiri musafunse kumene anabadwira. Funsani kuti akuonetseni kabati imene anakhoma zaka zitatu zapitazo, muone ngati zitseko zake zikali kutsekeka.

Mukagwirizana, lembani pa pepala: miyeso, mtundu wa thabwa la mbali iliyonse, mtengo wake, ndalama zoyambira ndi tsiku lotsiriza. Pakhale mboni ziwiri. Matabwa anu a mawanga alembeni chizindikiro kunsonga musanawapereke. Ndipo musamufulumize. Mmisiri amene akuuzani kuti thabwa silinaume, ameneyo ndiye wokufunirani zabwino.

BWEZERANI MTENGO

Mau otsiriza apite kwa inu eni nthaka. Amene ayenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kudzera pa Dzaleka kunka ku Dowa aona okha kuti zitunda zambiri zatsala zambee. Minda, zigafa za fodya, makala ndi nkhuni za anthu ochuluka zadya mitengo. Nkhalango za m'midzi, zoyang'aniridwa ndi nyakwawa, zinayamba m'dziko muno mu 1926, ndipo lamulo la 1997 lizivomereza. Mudzi umene ulibe nkhalango yake uyambe chaka chino.

Mbawa umera bwino m'mbali mwa mitsinje ndi m'zigwa. Njere zake sizikhalitsa, tsono fesani zikangogwa. Umakula msanga kuposa mlombwa, kotero mwana wobadwa chaka chino adzaucheka ali ndi ana ake. Mlombwa uli ndi kachitidwe kodabwitsa. Kamtengo kakang'ono kauma pamwamba chilimwe chilichonse, nkuphukanso mvula ikagwa, ndipo katero zaka zingapo pamene muzu uli kukula pansi. Anthu ayesa kafa, nakalimira kumodzi. Uzani anthu anu akazindikire tsamba lake, akalambulire, akateteze ku mbuzi ndi ku moto wolusa wa mu Okutobala. Mungathenso kuzika nthambi zonenepa za mlombwa mvula ili pafupi. Zina ziphuka, zina ayi, choncho zikani zambiri. Nyengo yobzala mitengo iyamba mu Disembala kufikira Epulo, ndipo alangizi a zankhalango adzakuuzani za mbande.

Tibwereze mwachidule. Tengani chilolezo. Umikani matabwa chilimwe chonse mumthunzi. Shelefu isapitirire mainchesi 30. Thabwa la pakati pa chitseko lisamatidwe. Kabati italikire pansi, imangiriridwe ku chipupa. Ndipo pa tsamba loyamba la buku loyamba limene mudzaika m'kabatimo, lembani chaka chimene inakhomedwa, dzina la mmisiri, ndi chiwerengero cha mibawa ndi milombwa imene mudzi unabzala m'malo mwa mtengo umene unagwa. Nyakwawa yodzalowa m'malo mwanu idzawerenga, nidzapita kukaiona.